Mwala wa Munthu Wopanda Mwezi

M'kanjira ka kuseri kwa Johari Bazaar, ku Jaipur,
momwe njinga ziwiri sizipambana popanda kutukwanizana,
ndatha zaka makumi atatu ndi zinayi
nditaweramira gudumu lonolera miyala.

Bwana Bhanwarlal anapachika chikwangwani pakhomo:
miyezi khumi ndi iwiri, uliwonse ndi mwala wake.
Alendo amaima pamenepo, chala pagalasi,
kusaka mwezi wawo
ngati ana osaka mayina pa zotsatira za mayeso.

"Ine ndine wa Meyi," atero mayi wa chipewa chachikulu.
Ndimutulutsira emarodi,
wobiriwira ngati chinkhwe chakuba mapeyala padenga pathu.
Sadziwa kuti mwalawo unandidyera masiku anayi,
kuti uli ndi mng'alu mkati, wopyapyala ngati tsitsi,
umene ndinauzemba pang'onopang'ono
mpweya nditaugwira.

Wa Julayi amafuna rube, psuu ngati njere ya khangaza.
Wa Seputembala amanyamula safiro kuloza kudzuwa
ngati akudziwa chimene akufufuza.
A Juni ndimawapereka kwa bwana:
ngale sinoledwa,
imachoka m'nyanja itatha kale,
pamenepo manja anga alibe chonena.

Nanga ine, mwezi wanga ndi uti?

Amayi ankati ndinabadwa mvula itachedwa,
chaka chimene ngamila ya amalume inafera pachitsime.
Abambo ankati inali itangotha Ramadani,
koma mwezi umenewo ndi woyendayenda,
chaka china ukupeza ukutuluka thukuta,
china ukupeza utafunda bulangete.
Anakangana mpaka kumanda,
ndipo ngamila sinasiye kalata.

Kalaliki wa kusukulu analibe nthawi ya ngamila.
Anandiyang'ana mano,
anati ndidutsitse dzanja pamutu ndigwire khutu,
nalemba: 1 Januwale.
Analemba zomwezo kwa Shafiq, kwa Mumtaz,
ndi kwa mapasa a wosoka nsapato.
Theka la kanjira kathu linabadwa tsiku limodzi,
mzamba wake cholembera cha buluu.

Ndiye pepala likuti mwala wanga ndi ganeti.
Ganeti amene ndanola angadzaze thumba la mpunga,
koma palibe ndi mmodzi yemwe
amene anandiyang'anapo ngati m'bale.

Dzulo Rukhsar anandibweretsera chakudya chamasana.
Iyeyo ndi wa Novembala weniweni,
tsiku ndi ola zili pakhadi lachipatala,
ndipo katopazi kamene ndinagula pangongole
kamalendewera pakhosi pake.
Anawerenga chikwangwani chonse, milomo ikuyenda,
kenako anati, "Abba, wanu ndi uti?"

Ndinamuonetsa zikhadabo.
Pansi pake pali matope otuwa
a Febuluwale, a Ogasiti, a Okutobala,
miyezi yonse ikaphwanyika imafanana mtundu.
Sanakhutire.
Mwanayu anatengera agogo ake, sagula yankho lotchipa.

Anagwada kuseri kwa benchi
kumene ndimataya magudumu otha,
natola kachibenthu kamodzi,
kokhakhala, kotuwa, kopanda mtengo,
mwala umene umanola miyala inzake
mpaka wokha kutha.
Anakakulunga ndi ulusi wofiira wa m'mpango wake,
mfundo zitatu, lilime lili panja,
nandimangirira padzanja.
"Uwu sunalembedwe pakhomo," anatero,
"ndiye palibe angabwere kudzaugula."

Ndinafuna kumuuza za mvula yochedwa ija,
za chitsime, za mkangano wa agogo ake.
Bwana anakuwa dzina langa kutsogolo:
"Hafizullah! Pali munthu wa Malichi,
basi yake ikunyamuka posachedwa!"

Ndinatsuka m'manja, ndinapita.
Kamwalako kanandikanda tsiku lonse,
ndipo usiku, pogona,
ndinapeza kandisiyira kachilonda pamkono,
pamalo penipeni
pamene adokotala amagwira pomvera mtima.